Ganyu wotsala ndi ana a eni kuno ku Zomba: poyambira pake ndi katchulidwe ka mtengo

Holide ikafika, kapena walemba MSCE nde ukungokhala pakhomo miyezi yonseyo kudikira zotsatira, pali kaganyu kena komwe atsikana ambiri amakagwira kale koma kaulele, kutsala ndi ana a anthu. Ndipo ku Zomba kuno ofuna munthu womusiira mwana alipo ambiri kuposa mmene ukuganizira. Manesi a kuchipatala chachikulu cha Zomba Central amene ali pa naiti, azimayi a geni omwe amalawirira kukapikula ku Jali kapena ku Songani, ma student a ku yunivesite ya Chanco oti ali ndi kamwana ndipo akupanga lendi ku Chikanda pomwe kalasi ili 7:30, mabanja a apolisi ndi asilikali, osawerengera maukwati a Loweruka, ma bridal shower komanso maliro omwe sapangana ndi munthu. Ambiri mwa amenewa sakufuna wantchito wogonera pakhomo ayi, akungofuna munthu wodalirika wa maola atatu, anayi, mwina tsiku limodzi basi.

Chomwe chimavuta nchoti kwathu kuno kulera mwana timakutenga ngati kuthandizana chabe. "Tangondionerako mwanayu ndikubwera pompano", pompano wakeyo achoka 9 mmawa nkudzafika dzuwa litalowa kuseri kwa phiri, kenako akupatsa zikomo ndi kabulauzi koti kanawachepa. Kuthandiza anti ako enieni tsiku lina nkwabwino, sindikukana, koma ngati ukufuna ikhale njira yopezera ya sopo, ya bando kapena yoonjezera pa fizi, nkhani ya ndalama ikambidwe usanamunyamule mwanayo. Ukangomubereka kumbuyo mtengo usanamveke, basi mphamvu zako zatha, udzalandira zomwe iwo afune.

Tiyambe ndi msinkhu wako. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wa zaka 14 mpaka 18 sayenera kupatsidwa ntchito yoika moyo wake pachiswe kapena yomujombetsa kusukulu. Kuyambira 2017 malamulo a dziko lino amati aliyense wosafika 18 ndi mwana, nde iweyo ngati uli ndi 15 kapena 16 udziwe kuti nawenso ndiwe mwana pamaso pa lamulo, usayambe zimenezi makolo kapena okusunga asakudziwa. Maganizo anga ndi oti wa zaka 14 kapena 15 azitsala ndi ana oyenda okha, oyankhula, masana, pafupi ndi kwawo. Khanda la miyezi iwiri itatu lisiire akuluakulu olo akulonjeze ndalama zingati. Khanda losakwana miyezi 6 limayenera kumangoyamwa, likayamba kulira mayi ake ali ku Blantyre iwe ulibe cholitonthozera, ndipo likadwala limafooka msanga kwambiri.

Makasitomala oyamba usawasake patali. Uza amayi ako kuti akalengeze ku banki mkhonde kwawo, auzeko amayi a mvano kapena a Dorika, kumzikiti, aneba a mu laini yanu. Ngati ndi pa WhatsApp bola aike amayi ako kapena achemwali ako pa status pawo ndi nambala yawo, osati iwe kuika chithunzi chako ndi nambala yako pa Facebook kuti aliyense aziimba. Amene ayankhe kumeneko si onse ali ndi ana. Ndipo munthu wosamudziwa akakuuza kuti pali ntchito yolera mwana ku Lilongwe kapena kunja, transipoti atumiza, usayerekeze, atsikana ambiri amazembetsedwa choncho. Yako ikhale ya pompano, ngati umakhala ku Matawale gwira za ku Matawale, Ndola, Kalimbuka, ngati ndi ku Chinamwali gwira za konko, malo oti zikavuta utha kuthamanga nkukafika kwanu.

Tsiku loyamba kupita kunyumba yachilendo pita ndi munthu wamkulu, akaone pakhomopo ndipo eni nyumba adziwe kuti uli ndi kwanu. Pamenepo funsa zonse, usaope kuoneka wofunsitsa, kholo lanzeru limasangalala nazo. Mwanayu amadya chani ndipo sadya chani, pali chakudya chomwe chimamutulutsa ziwengo, amamwa mankhwala ena alionse, ali ndi mphumu kapena khunyu, amagona nthawi yanji, amapita yekha kutoileti kapena ndi wa pampasi. Ku Zomba kuno mabanja achisilamu ndi ambiri, a Seventh Day aliponso, nde usamudyetse mwana chinthu chomwe wabwera nacho kwanu kapena wagula panjira usanafunse. Tenga manambala awiri, ya mayi ndi ya munthu wina wapafupi, chifukwa pa ukwati foni samaimva. Akuonetse pomwe pali buku lakuchipatala la mwanayo. Funsanso kuti ndani winanso amakhala pakhomopo ndi amene ali ndi chilolezo chobwera kudzamutenga mwana, poti pena mabanja ali pa mkangano, abambo atha kungotulukira nkunena kuti ndipatse mwana wanga, iwe osadziwa kuti nkhani ili kukhoti.

Tsopano mtengo, pomwe ambiri amagwa ulesi. Yambira pa nambala yomwe palibe angaitsutse, malipiro otsikitsitsa omwe boma limaika. Mu 2024 a wantchito wapakhomo anali K52,000 pamwezi, yomwe ukaigawa ndi masiku 26 ndi K2,000 patsiku, ndipo mu 2025 anakwezedwa kufika K72,800, ndiye kuti K2,800 patsiku kapena K350 pa ola ngati tsikulo ndi la maola 8. Imeneyo ndi ya pansi penipeni, komanso ndi ya munthu woti ntchito yake ndi yotsimikizika mwezi wonse, kawirikawiri akudya pomwepo. Iwe wako ndi ganyu, lero wakuitana mawa ayi, waphonya zako kuti upezeke, choncho ola lako likuyenera kudulirapo. Usatchule mtengo wotsika kuposa wa boma, ndipo pa ganyu wa maola ochepa kuchulukitsa kawiri kapena katatu si kuba. Nambala zimenezi zimasinthasintha, ufunse ku ofesi ya leba kapena umve pa wailesi kuti panopa zili pati.

Kuwerenga ma ola ngati mmene amachitira kunja, kuno sikumayenda bwino, anthu ake sasunga nthawi ndipo mudzakangana pa mphindi 20. Chomwe chimagwira ndi kudula tsikulo mzigawo: theka la tsiku, tsiku lonse, ndi madzulo. Tiyerekeze wanena kuti theka la tsiku, maola osapitirira 4, ndi K3,000, tsiku lonse mpaka 5 koloko ndi K5,000, ndipo akachedwa kupitirira nthawi yomwe munapangana ola lililonse ndi K1,000 yapadera. Izi nzongoyerekeza kuti uone kapangidwe kake, iwe uike zako molingana ndi dera lako ndi mmene zinthu zadulira. Koma kagawo ka kuchedwako usakasiye, ndi komwe kamapangitsa anthu kubwera pa nthawi yake. Ukangowauza kuti kuchedwa kuli ndi mtengo udabwa mmene misonkhano imathera msanga kkk.

Pali zinthu zomwe zimakweza mtengo ndipo uzizitchula mosabisa. Ana akakhala awiri kapena atatu, sikuti uchulukitse kawiri, koma onjezera mwina theka pa mwana wachiwiri. Mwana wa matewera, wofunika kumudyetsa phala ndi kumuyang'anira mphindi iliyonse, ndi ntchito yaikulu kusiyana ndi wa sitandade 3 woti akulemba homuweki. Tsiku la Khrisimasi, la Eid, la Nyuwere, anzako akusangalala iwe uli ndi mwana wa eni, mtengo ukwere. Ndipo transipoti ndi yapadera, siilowa mu malipiro. Ngati kuchoka ku Sadzi kupita ku Mulunguzi kapena ku Old Naisi ukufunika kabaza kupita ndi kubwera, anene okha kuti alipira kapena adzakusiya pa galimoto, apo bii udzapeza kuti ndalama yonse wagwirira wa njinga. Chakudya nachonso, ukakhala tsiku lonse nkhomaliro ndi yawo, ndipo asakuchotsere pa malipiro.

Nanga kwa anthu osiyana mtengo ukhale umodzi? Ine ndimati ayi, ndipo palibe chinyengo pamenepo. Mayi wogulitsa tomato ku Mpondabwino ndi banja loti onse awiri ali pa salale sangalipire mofanana, ungokhala ndi mtengo wako wapansi womwe sutsika, kwa amene ali nazo utchule wokwererapo. Kasitomala wokhazikika, mwachitsanzo nesi woti amakufuna katatu pa sabata, mutha kugwirizana mtengo wa sabata wotsikirako pang'ono chifukwa ndalamayo ndi yotsimikizika. Koma anthuwa amauzana, nde kusiyana kwake kusakhale kwakukulu mpaka wina amve kuti unamudyera masuku pamutu.

Kanenedwe kake nkosavuta, ulemu wonse ulipo koma nambala imveke. "Anti, ine ndibwera, kuyambira 8 mpaka 12 ndimalandira K3,000, mukachedwa timaonjezera K1,000 pa ola, transipoti ndi yanu." Ukatero khala chete, usayambe kuseka kapena kuonjezera kuti komabe mungondipatsa iliyonse. Akati "iih mwana iwe, wadula, ndife achibale", yankha kuti "ndamva anti, kwa inu ndichotsako K500, koma kutsika kuposa apo sindikwanitsa". Ngati pakamwa pako pamalemera pamaso pa akuluakulu, zomwe sizachilendo poti tinaleredwa choncho, apemphe amayi ako kuti mtengowo anene ndi iwo. Mukagwirizana tumiza meseji yobwereza zomwe mwapanganazo, tsiku, nthawi ndi ndalama, kuti mawa pasadzakhale zoti ine sindinanene choncho.

Nkhani ina yomwe imabwera mwakachetechete ndi ntchito zoonjezera. Wabwera kudzaona mwana, koma pochoka akuti "akagona ungotsukako mbalezo, muli zovalanso mu bafamo, ndiwo zili apo uphike". Sabata ziwiri zokha wasanduka wantchito wapakhomo pa mtengo wa wolera mwana. Zokhudza mwanayo ndi zako, kumuphikira phala, kutsuka mbale yake, kumusambitsa, kutola zidole, kuchapa kamalaya komwe wathira tiyi. Zovala za abambo, kukolopa nyumba yonse, kukagayitsa, imeneyo ndi ntchito ina ndipo ili ndi mtengo wake. Komanso chifukwa chake si ndalama yokha, uli kuseri ukuchapa mwana ndi amene akugwera mu ndowa ya madzi.

Kalandiridwe: ganyu wa tsiku ndalama yake ndi ya tsiku lomwelo, wokhazikika ndi pa sabata. Zoti "ndikuona mwezi ukatha" uzilole kwa munthu yekhayo amene wakulipirapo kale bwinobwino kangapo. Wina akadumphitsa kawiri, kachitatu uli bize, osakangana naye, osamulemba pa status, ungosiya kupezeka. Zovala zakale, mafuta odzola, ndiwo zotsala, zonsezo ndi mphatso, landira ndi manja awiri koma sizilowa mmalo mwa ndalama. Akafuna kutumiza pa Airtel Money kapena Mpamba awonjezere yotapira. Chiphaso cha unzika, chomwe amalembetsera laini ya foni, chimayambira zaka 16, nde ngati sunafike ndipo laini ili mdzina la munthu wina, onetsetsa kuti ndi munthu woti sadzakudyera. Gula kakope ka K500 kaya ndi zingati masiku ano, uzilemba tsiku, kwa ndani, maola angati, walandira kapena ayi. Ndipo mtengo si wamuyaya, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu zonse zinakwera kupatula malipiro a anthu omwe anachita manyazi kunena. Pakatha miyezi 6 unikanso, ndipo uwauze kukadali sabata ziwiri kuti kuyambira mwezi wamawa zisintha.

Tsopano ntchito yeniyeniyo, chifukwa ndalama ukutchulayo ndi ya maso ako. Foni ikhale ndi chaji ndi mayunitsi oimbira, koma ikhale mthumba. Ngozi zambiri za ana pakhomo zimachitika mu mphindi imodzi yomwe wamkulu wayang'ana kumbali. Ukangofika zungulira nyumba ndi maso: mbaula ili pati, poto wa madzi otentha, ndowa ndi mabafa a madzi, chitsime kapena dzenje losavindikira, parafini woti anamuika mu botolo la Fanta, mankhwala a makoswe pansi pa kabati, mapilitsi a agogo pa tebulo, mawaya a magetsi. Zonsezo kweza mmwamba kapena tseka chitseko. Magetsi akathima gwiritsa ntchito tochi, kandulo ndi neti ya udzudzu siziyandikana. Juni ndi Julaye kuno kumazizira zedi, koma usalowetse mbaula ya makala mchipinda chotseka mawindo, utsi wake suoneka ndipo umapha anthu ali mtulo. Nyengo ya mvula ana asapite kukasewera ku Likangala kapena ku timitsinje totsika mphiri, mvula itha kugwa ku Chawe kuno kuli dzuwa madzi nkungofika mwadzidzidzi.

Zina zoti uzidziwe pamtima. Mwana akapsa, thira madzi ozizira oyera pamalopo kwa mphindi 20, osapaka Colgate, dzira, mafuta kapena dothi. Akamwa parafini usamusanzitse ndipo usamupatse mkaka kuti asanze, thamanga naye kuchipatala ndi botolo lomwelo. Akatsamwa koma akutsokomola mwamphamvu musiye atsokomole, ngati sakutulutsa mawu ndipo sakupuma, wamng'ono umugoneke chafufumimba pa mkono wako mutu utatsikirako nkumumenya kasanu pakati pa mapewa, wokulirapo umuweramitse nkuchita chimodzimodzi, uku ukukuwa kuti aneba abwere. Akayamba kukomoka ndi kugwedezeka mugoneke chammbali, usamuike supuni kapena chala mkamwa. Thupi likatentha imbira mayi ake nthawi yomweyo, kuno kutentha thupi kwa mwana timayamba taganiza malungo ndipo amafunika kukayezedwa tsiku lomwelo. Akatsegula mmimba, Thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, azimwa pang'onopang'ono. Mankhwala aliwonse, olo Panado, usapereke mayi ake asanakuuze mlingo wake, ndipo aspirin kwa mwana ayi. Uchi kwa mwana wosakwana chaka ayi. Mtedza wosasinja, maswiti olimba, chimanga chokazinga kwa kamwana ka zaka ziwiri, ayinso. Palinso Chipatala cha pa Foni, nambala yaulere yofunsirako za umoyo, utha kufunsa ukasokonezeka, koma zikakhala zoopsa osataya nthawi ndi foni, pita kuchipatala cha Matawale kapena ku Central. A Red Cross amaphunzitsa chithandizo choyamba, ukamva kuti kusukulu kapena kutchalitchi kuli maphunziro amenewo lowa nawo, ndipo ukawamaliza ndi chifukwa chabwino chokwezera mtengo.

Kumenya ayi, olo mayi ake anene kuti akavuta umukwapule. Tsiku lomwe adzapeze kachipsera sadzakumbukira kuti ananena okha. Khanda usaligwedeze mwaukali chifukwa limavulala ubongo, likakulirira mpaka mutu kuzungulira ligoneke chagada pamalo otetezeka, tuluka pakhonde mphindi ziwiri upume, kenako imba foni. Wamkulupo mutangwanitse, mpira wa mapepala, phada, kujambula, nthano, kuimba, mwana wotopa ndi masewera savuta kugona. Akagwa nkuchita kabala, nena wekha mayi ake akangofika, asakazione pomusambitsa. Zithunzi za mwana wa eni usaike pa TikTok kapena pa status, anzako ndi chibwenzi asabwere kudzakuchezera kumeneko, ndipo zomwe waona mnyumba mwa anthu zisiye momwemo. Zomba ndi yaing'ono, nkhani ukainena ku Chinamwali mmawa, madzulo yafika kale ku Three Miles.

Nawenso uzidzisamala. Ngati mayi achoka ndipo abambo kapena achimwene a pakhomopo ayamba zokuitanira kuchipinda, zokugwiragwira, zokupatsa ndalama yapadera kuti usauze adona, kapena mameseji a usiku, usadikire kuti ziipe. Tenga mwana upite naye kwa aneba, imbira kwanu, ndipo usabwererenso kunyumba imeneyo olo ali ndi ngongole yako. Nambala ya 116 ndi yaulere, ndi ya ana, amayendetsa ndi a YONECO omwe likulu lawo lili konkuno ku Zomba, komanso kupolisi kuli Victim Support Unit. Za usiku ugwirizane kale kuti ubwerera bwanji, ndipo okuperekeza akhale mayiwo kapena munthu wakwanu. Kugonera, ngati sunakwane 18, ine ndingati ukane pokhapokha ndi nyumba yoti makolo ako amaidziwa bwino lomwe.

Anyamata musaone ngati izi nza atsikana okha. Kukatenga ana ku nasale, kuwaperekeza ku madrasa kapena ku part time, kuwathandiza masamu madzulo, kusewera nawo mpira Loweruka mayi awo ali ku msika, makolo ambiri amalipira zimenezo, ndipo ukaphatikiza ndi homuweki mtengo wake umaposa wongoyang'anira.

Sukulu ikatsegulira chepetsa, utsale ndi za Loweruka ndi za holide basi, ndipo teremu ya mayeso a JCE kapena MSCE uimike kaye zonse. Kasitomala wokhazikika umuuze kukadali sabata imodzi kapena ziwiri kuti apeze wina, osangozimitsa foni. Ngati uli ndi mnzako wodalirika mupititse wekha ukamuonetse pakhomopo, umuuzenso mtengo womwe umalandira kuti asakayambire pansi.